Mwezi wachitatu ndiwo woopsa: mmene mungadziwire TB, kuichiza ndi kuteteza a pakhomo panu

Ndine mmisiri wa matabwa, ndiye nditayamba kutsokomola sindinafunse munthu. Utuchi ndimaumeza tsiku ndi tsiku, ndipo chifuwa ndinkachiona ngati zipsera za m'zalazi, zinthu zobwera ndi ntchito. Ndinagula mankhwala a chifuwa kawiri. Kachitatu ndinamwa makapisozi amene mnzanga anatsala nawo, chifuwacho chinaleza masiku anayi n'kubwereranso. Chimene chinandifikitsa kuchipatala ndi lamba. M'mawa wina ndinatenga msomali n'kuboola bowo lina pa lamba wanga, lachiwiri pa miyezi iwiri, ndipo mkazi wanga amene ankangondiyang'ana anati, "Bambo, lero ku shedi simupita."

Anandipeza ndi TB ya m'mapapo, chifuwa chachikulu chija. Ndinachira, ndipo randa ndikuikankha ngati kale. Zimene ndalemba apa ndi zimene ndinaphunzira pa miyezi 6 ya mankhwala, zina kwa anamwino, zina pochita kulakwitsa ndekha.

Yambani ndi kuwerenga masiku. Chifuwa cha chimfine chimatha chokha. Chikadutsa masabata awiri, pitani mukayezetse makhololo ngakhale mukuona kuti mphamvu zilipo. Ngati muli ndi kachilombo ka HIV, masabata awiriwo musawadikire n'komwe, chifuwa chilichonse kachinenereni kuchipatala. Onaninso zina zoyenda nacho: thupi kutentha makamaka dzuwa likapendeka, thukuta la usiku lonyowetsa zofunda pomwe kunja kukuzizira, chakudya kusakoma, kuwonda, kutopa ndi ntchito imene kale munkaigwira mukuimba mluzu. Ambiri amadikira magazi. Amati TB yeniyeni ndi ya munthu wolavula magazi. Ine magazi sindinalavulepo ngakhale dontho, pomwe mapapo anali atayamba kale kuwonongeka. Mwana wamng'ono ndiye nthawi zina satsokomola kwambiri. Mumangoona kuti kusikelo sakukwera, waleka kusewera, thupi likungotentha. Dziwaninso kuti TB sikhala m'mapapo mokha. Imatha kutupitsa mwanabere wa m'khosi, kudya mafupa a msana, kudzaza madzi m'mbali mwa mapapo kapena m'mimba, ngakhale kulowa m'zikutiro za ubongo, ndipo ya ku ubongoyo imapha msanga.

Choyambitsa chake ndi bakiteriya wotchedwa Mycobacterium tuberculosis. Anamutulukira ndi dokotala wa ku Germany, Robert Koch, amene analengeza zimenezi ku Berlin pa 24 Malichi 1882, n'chifukwa chake tsiku lokumbukira TB padziko lonse limakhala pa 24 Malichi. Koch asanatero, anthu ambiri, ndi madokotala omwe, ankati ndi nthenda yakumtundu poona mmene inkapululira mabanja. Imapululadi banja, koma chifukwa chake ndi mpweya wa m'nyumba imodzi. Wodwala TB ya m'mapapo akatsokomola, kuyetsemula, kuimba kapena kungoyankhula, amatulutsa timadontho tosaoneka ndi maso. Timeneti timatha kuyandama m'chipinda chotseka kwa maola angapo mwini wake atatuluka kale, ndipo wolowa pambuyo amatipumira mkati.

Apa mpamene a pakhomo panga analakwitsa, mwachikondi ndithu. Nditangobwera ndi zotsatira, mlamu wanga anandipatulira kapu, mbale ndi supuni, n'kuzimanga kachingwe kofiira kuti zisasokonezeke. Kenako anatseka mazenera onse kuti wodwala asapitidwe mphepo. Zonsezi zinali chagada. TB siyenda m'mbale, m'kapu, m'zovala kapena popatsana moni wa m'manja. Imayenda mumpweya, ndipo mdani wake ndi mphepo yodutsa m'nyumba ndi kuwala kwa dzuwa. Kapuyo inangondipweteka mtima chabe, pomwe mazenera otseka aja ndiwo ankaika ana anga pachiswe.

Si aliyense wopuma bakiteriyayu amene amadwala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse padziko anamupumirapo kale. Mwa ambiri chitetezo cha m'thupi chimamutsekera pakona, amangogona, munthuyo sadwala ndipo sapatsira wina. Mwa anthu 100 otero, 5 mpaka 10 ndiwo amadzadwala nthawi ina pa moyo wawo. Chimene chimamudzutsa ndi kufooka kwa thupi: HIV poyambirira penipeni, kenako kuperewera kwa zakudya m'thupi, matenda a shuga, fodya, mowa wambiri, ndi fumbi la miyala limene limawononga mapapo a anthu a m'migodi. Ana osakwana zaka 5 nawo chitetezo chawo chimakhala chanthete. Ine ndinkasuta kuyambira ndili mnyamata, ndiye palibenso chifukwa chonamizira utuchi.

Tsopano za kuyezetsa. Kuchipatala adzakupatsani kabotolo kokhala ndi chivindikiro. Kooneka kachabechabe, koma moyo wanu umadalira zimene muikemo. Zanga zoyamba anazibweza ku labu, namwino n'kunena kuti, "Bambo, awa ndi malovu, ife tikufuna za pansi." Malovu amachokera m'kamwa, pomwe bakiteriya ali m'mapapo. Chitani chonchi: tulukani panja, kutali ndi anthu, osati m'chimbudzi kapena m'kachipinda kotseka. Chukuchani m'kamwa ndi madzi okha. Kokani mpweya wambiri, muusunge pang'ono, muutulutse pang'onopang'ono. Bwerezani katatu. Kenako tsokomolani mwamphamvu kuchokera pansi pa chifuwa mpaka mumve kuti china chake chasuntha, ndipo mulavulire m'kabotolomo osapaka kunja kwake. Zokwana supuni yaing'ono ndi zokwanira. Tsekani zolimba, sambani m'manja, kaperekeni tsiku lomwelo osakasiya padzuwa. Makhololo amatuluka bwino m'mawa mutangodzuka, chifukwa amakhala ataunjikana usiku wonse.

Kumene kuli makina a GeneXpert, amene WHO inawavomereza mu 2010, makhololowo amaikidwa m'kabokosi kakang'ono ndipo makinawo amafufuza chibadwa cha bakiteriyayo. Amatenga maola pafupifupi awiri, ngakhale kuti mzere wa odikira ungachititse kuti zotsatira muzimve mawa lake. Ubwino wake, amanenanso ngati TB yanuyo ikumva rifampicin, amene ndi msana wa mankhwala a nthawi zonse a TB. Kwina amaonabe pa maikulosikopu. Njira imeneyi ndi yakale ndipo imagwira ntchito, koma imafuna kuti mabakiteriya akhale ochuluka zedi kuti aoneke. Choncho akakuuzani kuti sanapeze kanthu pomwe inu mukuwondabe ndi kutuluka thukuta usiku, musakhale pansi. Bwererani, apempheni kuti akujambuleni pachifuwa kapena ayezenso. Ana aang'ono satha kutulutsa makhololo, ndiye madokotala amadalira chithunzi cha pachifuwa, zizindikiro, mbiri yoti pakhomo pali wodwala, ndipo masiku ano amatha kuyeza ngakhale chimbudzi cha mwanayo. Kwa amene ali ndi HIV ndipo adwalika kwambiri, pali kuyeza kwa mkodzo kotchedwa LAM kumene kumatulutsa yankho pasanathe ola.

Adzakupemphani kuyezetsa HIV. Vomerani. Sikuti akukuganizirani zoipa, amafunsa aliyense wopezeka ndi TB, chifukwa TB ndiyo imapha anthu ambiri mwa amene ali ndi HIV, ndipo matenda awiriwa akakumana amafuna kuwachiza pamodzi. Amene akumwa kale ma ARV anene msanga, popeza rifampicin amachepetsa mphamvu ya ena mwa iwo. A dolutegravir mwachitsanzo amawonjezeredwa mlingo pa nthawi yonse ya mankhwala a TB. Ngati mungathe, yezetsaninso shuga.

Mankhwala ake ali m'zigawo ziwiri. Miyezi iwiri yoyamba mumamwa mitundu inayi: rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol. Miyezi inayi yotsatira mumatsala ndi iwiri, rifampicin ndi isoniazid. Musaope kuti mudzadzaza dzanja, nthawi zambiri mitunduyi amaiphatikiza m'piritsi limodzi, ndipo chiwerengero cha mapiritsi chimatengera kulemera kwa thupi lanu. Ine ndinayamba ndi atatu, thupi litabwerera anandikwezera pa anayi. N'chifukwa chake kukwera sikelo ulendo uliwonse si mwambo chabe. Mukanenepa koma mlingo n'kukhala womwewo, ndiye kuti mukumwa operewera. TB ya ku ubongo ndi ya m'mafupa imatenga nthawi yotalikirapo, kawirikawiri chaka, pomwe ana amene TB yawo sinafike poipa masiku ano ena amamaliza pa miyezi inayi.

Ndinafunsa dokotala chifukwa chake mitundu inayi, komanso chifukwa chake miyezi yonseyi pomwe matenda ena amatha ndi mankhwala a masiku asanu. Yankho lake ndi limene linandigwira pamene ndinkafuna kusiya. Bakiteriya wa TB ndi waulesi. Anzake ena amaswana pa mphindi 20 zilizonse, iye amatenga maola 15 mpaka 20 kuti agawike kamodzi, ndipo ali ndi khungu lokhuthala langati phula. Mankhwala amapha bwino amene ali maso ndi kuswana. Amenewo amatha m'masabata oyamba, ndipo mpamene chifuwa chimaleka, chakudya n'kuyamba kukoma. Koma pamatsala ena obisala m'zilonda za m'mapapo, ongodzuka mwa apo ndi apo, ndipo miyezi yotsalayo ndi yowadikirira amenewo. Zili ngati chiswe m'thabwa: chooneka pamwamba ukhoza kuchisesa lero, cha mkati ndicho chimagwetsa denga. Za mitundu inayi, phunziro linabwera kalekale. Streptomycin, mankhwala oyamba ogwira TB, anatulukiridwa mu 1943, ndipo pasanapite zaka zambiri madokotala anaona kuti akaperekedwa okha, mabakiteriya ochepa osawamva amatsala n'kuswana mpaka kudzaza mapapo. Mukawathira mitundu ingapo nthawi imodzi, wopulumuka uku amafera uko.

Ndiye mwezi wachitatu unafika. Ndinali nditabwerera ku shedi, masaya atadzaza, lamba atabwerera pa bowo lakale. Anandipatsa ntchito yokhoma denga kutali ndi kwathu, ya masabata atatu, ndipo tsiku langa lokatenga mankhwala linali mkati mwa masabata omwewo. Ndinadziuza kuti ndachira, otsalawo ndidzamwa ndikabwerako. Ndinadumpha masiku anayi. Amene ananditulukira ndi mchemwali wanga, amene ndinamusankha kukhala wondiyang'anira pa mankhwala ndipo ankachonga pa khadi tsiku lililonse ndikameza. Anandiimbira foni, sanakalipe, anangoti, "Achimwene, khadi lanu lili ndi mabowo anayi. Ndikanene ndine kuchipatala, kapena mukanena nokha?" Ndinakanena ndekha. Anandipitiriza pomwe ndinalekera, ndipo anandiuza chinthu chimene ndikanafunsa poyamba: ukakhala ndi ulendo umanena, amakupatsa okwanira ulendowo kapena kalata yokatengera kumene ukupita.

Kudumphadumpha kotereku ndi imodzi mwa njira zimene zimabala TB yosamva mankhwala, imene achipatala amaitcha MDR, kutanthauza kuti rifampicin ndi isoniazid onse awiri alephera. Choipa china, munthu wotero akapatsira mwana wake, amamupatsira yosamvayo. Kale mankhwala ake ankatenga miyezi 18 mpaka 24, ndi majakisoni a tsiku ndi tsiku amene anagonthetsa anthu ambiri makutu. Kuyambira 2022 WHO inavomereza njira ya miyezi 6 ya mapiritsi okhaokha yotchedwa BPaLM, yophatikiza bedaquiline, pretomanid, linezolid ndi moxifloxacin. Ndi nkhani yabwino kwa amene yawagwera, koma si njira yoti munthu achite kuiputa dala. Mu 2023 mokha, malinga ndi WHO, anthu pafupifupi 10.8 miliyoni anadwala TB ndipo pafupifupi 1.25 miliyoni anamwalira, ndi nthenda yoti mankhwala ake alipo.

Kuti musaiwale, mangirirani mankhwala ku chinthu chimene simuchiphonya. Ine ndinkamwa ndikangodzuka, m'mimba muli mopanda kanthu, chifukwa mpamene rifampicin amalowa bwino m'magazi. Akamakuchititsani nseru, auzeni anamwino, akhoza kukulolani kumwera kachakudya kochepa. Wokuyang'anirani musasankhe munthu wokuopani. Sankhani amene angakuuzeni zoona mutakwiya.

Tsiku loyamba mkodzo wanga unatuluka wofiirira ngati madzi otsukira dzimbiri, ndipo ndinaganiza kuti ndikukodza magazi. Ndi mtundu wa rifampicin chabe, umafika ngakhale m'thukuta ndi m'misozi, ndipo suvulaza. Dzanzi kapena kuyaka kwa mapazi kumachokera kwa isoniazid. Pali kapiritsi ka vitamini B6, kotchedwanso pyridoxine, koletsa zimenezi, kapempheni ngati sanakupatseni. Kuphwanya kwa m'mfundo kumabwera ndi pyrazinamide ndipo kumachepa mukamusiya pakutha pa mwezi wachiwiri. Zimenezi ndi zopirira, mukungowauza achipatala. Koma pali zina zosayenera kugona nazo: maso kusanduka achikasu, kusanza kosalekeza, kupweteka kumtunda kwa mimba chakumanja, zidzolo thupi lonse makamaka zofika m'kamwa, kapena kuyamba kuona mwachimbuuzi ndi kusokoneza mitundu, kumene kumachokera kwa ethambutol. Mukaona chimodzi mwa izi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo musanamwenso ena. Atatu mwa mankhwala anayi aja amalemetsa chiwindi, ndiye mowa usiyeni miyezi yonseyi, pamodzi ndi mankhwala ena alionse amene adokotala sakuwadziwa. Kwa amayi, rifampicin amafooketsa mapiritsi olera ndi kolera koika pamkono, choncho kambiranani ndi anamwino za njira ina. Woyembekezera ndi woyamwitsa amamwa mankhwala a TB bwinobwino. Choopsa kwa mwana ndi mayi wosalandira mankhwala.

Makhololo adzawayezanso pakutha pa mwezi wachiwiri, wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi. Pofika apo chifuwa chimakhala chitauma ndipo kutulutsa kanthu kumavuta, koma yesetsani, popeza ndi umboni waukulu woti mankhwala akugwira.

Za a pakhomo, masabata awiri oyamba a mankhwala ndiwo ofunika kusamala kwambiri. Akadutsa, ngati TB yanu ndi yomva mankhwala ndipo mukumwa mosadumphitsa, mphamvu yopatsira ena imakhala itatsika kwambiri. M'masiku amenewo gonani panokha ngati malo alipo, tsegulani mazenera a mbali ziwiri kuti mphepo izidutsa, khalani panja masana, valani masiki mukakhala pakati pa anthu, ndipo potsokomola tsekani pakamwa ndi kansalu kapena mkati mwa chigongono. Alendo achezereni pabwalo. Koma musanamizike kuti zikatero mwatha, chifukwa a m'nyumba mwanu anakhala akupuma mpweya wanu miyezi yonse imene munkati ndi chifuwa wamba. Atengeni onse akaunikidwe, ndi ooneka athanzi omwe.

Amene apezeka kuti sakudwala akhoza kupatsidwa mankhwala oteteza, opha bakiteriya wogona uja asanadzuke. Oyamba kuganiziridwa ndi ana osakwana zaka 5 ndi onse amene ali ndi HIV. Njira yakale ndi isoniazid tsiku lililonse kwa miyezi 6. Palinso ya isoniazid ndi rifampicin kwa miyezi itatu, imene amakonda kupatsa ana, ndi ina yotchedwa 3HP, ya isoniazid ndi rifapentine kamodzi pa sabata kwa masabata 12. Mkazi wanga anavuta nazo. Ankati mwana wathu wotsiriza akudya, akuthamanga, mankhwala ndi achiyani. Ndinamumvetsa, palibe kholo limene limakonda kumwetsa mapiritsi mwana wosadwala. Anagonja atamva kuti mwa ana a msinkhu umenewo TB imathamangira ku ubongo, ndipo opulumuka ena amatsala olumala.

Mkazi wangayo anatsutsanso ndi chipsera cha katemera pamkono pa mwanayo. Katemera wa BCG, amene anapangidwa ndi Albert Calmette ndi Camille Guérin ku France ndipo anaperekedwa koyamba kwa munthu mu 1921, ndi wofunikadi, ndipo khanda lizilandira likangobadwa. Amateteza bwino ana ku TB yoopsa ya ku ubongo ndi yofalikira thupi lonse. Koma chitetezo chake si chathunthu, ndipo kwa akuluakulu sathandiza kwenikweni pa TB ya m'mapapo. Chipsera chimenecho nanenso ndili nacho.

Mukamaliza miyezi 6, makhololo otsiriza n'kutuluka opanda kanthu, adzakulemberani kuti mwachira. Khadi limenelo lisungeni pabwino. TB siipatsa thupi chitetezo chokhalitsa, ikhoza kubweranso, kaya yotsalira kaya yochokera kwa munthu wina, ndipo dokotala wodzakuonani nthawi imeneyo adzafuna kudziwa kuti munamwa mankhwala ati, liti, ndipo munamaliza kapena ayi. Ena amatsala ndi kachifuwa kapena phuma chifukwa cha zipsera za m'mapapo. Zikamapitirira kapena kukula, kayezetseninso. Ine ndikakwera pa denga ndimayamba ndapuma kaye ndisanagwire hamala. Fodya ndinasiya, pocheka matabwa ndimavala masiki, ndipo mnyamata wanga wa ku shedi atatsokomola masabata awiri chaka chatha, kabotolo ndinakamutengera ndine.